Nkhuni n'za eni: nyimbo ya agogo ya pamtondo

Yamikani (Santhe): Akuluakulu nonse, mwaswera bwanji. Ndili ndi funso kwa amayi athu ndi aliyense wodziwa nyimbo zakale. Mu August tili ndi chinkhoswe, ndipo ndimafuna kuti azakhali anga adzatsogolere nyimbo imene agogo, amayi awo a bambo anga, ankaimba posinja. Anaipeka okha, sinamvekepo pa wayilesi. Mawu ake ndi awa:

Mphasa ndayala ine, ndayala ya awiri
Mame agwa pakhomo, phazi sindiliona
Mbalame ya kudambo, popita kumwera
Ukawauze chimanga chacha
Moto ndasonkha ine, nkhuni n'za eni

Azakhali akana. Angoti "imeneyo si ya pachinkhoswe" basi, osafotokoza. Ine m'nyimbomu ndikumvamo chikondi chokhachokha. Kodi chimene chikundiphonya n'chiyani?

Make Tadala (Chamama): Achimwene, mverani azakhali anu. Mphasa ya awiri koma phazi osaoneka pakhomo, ameneyo ndi mkazi wosiyidwa. Mukufuna mkazi wanu alowe m'banja ndi nyimbo yodikira munthu?

Mavuto wa gitala: Koma mawu ake okoma bwanji! Ndi yachikondi imeneyi, palibe zokayika. Munthu amene sakukukonda sangamakuyalire mphasa usiku ndi usiku iwe kulibe. Aise Yamikani, unditumizire mmene amaimbira ndiyese kuiika pa gitala.

aPhiri aphunzitsi (Mtunthama): Tisanapite patali, Yamikani, tiuze kaye: agogo ako aamuna anali kuti pamene nyimbo imeneyi inkaimbidwa?

Yamikani (Santhe): Poyamba anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, anabwerako ndi njinga ndi sutukesi. Atakhala pang'ono anapitanso, koma ulendo wachiwiriwu anapita okha ku Halale kukagwira ntchito pa famu. Bambo anga anali khanda. Anadzabwera dziko la Zimbabwe litalandira kale ufulu, cha pambuyo pa 1980. Ukwati sunathe ayi, anakhalira limodzi mpaka imfa. N'chifukwa chake ine ndikuti ndi yachikondi. Anadikira, ndipo mwamuna anabwera.

NaBanda (Kamwendo): Mwanangu Yamikani, ndawerenga mawuwo ndipo ndikuimva misi ikulandizana. Ine ndinakulira pamtondo, chigayo chisanafike kwathu, tsono ndiloleni ndilankhulepo motalikirapo.

Mkazi wa nthawi imeneyo sakanaima pabwalo n'kunena kuti mwamuna wanga wandiiwala, kapena apongozi sakundilabadira. Akanatero akanamuti ndi wamwano, wosalangidwa. Koma akagwira musi n'kuyamba nyimbo, panalibe womugwira pakamwa, chifukwa aliyense ankati "akungosinja". Ndipo mtondo umamveka mudzi wonse, makamaka m'mamawa kusanatenthe, anthu ali phee m'nyumba. Mawu a agogo anu akulunjika kwa mwamuna amene ali ku Halale, inde. Koma mwamunayo akanaimva bwanji? Amene ankaimva tsiku ndi tsiku ndi amene anali pafupi: ankhoswe, alongo awo, ndi abale a mwamuna akabwera kudzacheza. Mukafuna kumvetsa nyimbo ya pamtondo, muzifunsa kuti ndani anali pafupi kuti amve.

Mbalame ija akuituma kumwera si mbalame yeniyeni. Ndi aliyense amene akupita kumeneko kapena amene amalembera anthu makalata m'mudzimo. Pamudzi pankakhala mnyamata mmodzi kapena awiri odziwa kulemba, ndipo kalata ya mkazi inkadutsa m'manja mwawo. Zachinsinsi sukanazinena m'kalata yolembedwa ndi mwana wa eni. Zinkatsalira ku mtondo.

Make Tadala (Chamama): Eya amayi, nenani. Ana a masiku ano akamva "ndayala mphasa" akungoganiza za maluwa.

Kondwani: Ine ndinene zoona ngakhale zipweteke. Mzere womalizawo mwauwerenga bwino? Moto wasonkha iye, koma nkhuni n'za eni. Mwamuna kulibe zaka zonsezo, ndiye nkhuni zikuchokera kwa ndani? Apa pali munthu wina amene ankasonkhezera moto m'nyumbamo. N'chifukwa chake azakhali akukana.

Yamikani (Santhe): Achimwene Kondwani, amenewo ndi agogo anga. Lankhulani mwaulemu.

Adimini: Abale, tikukambirana nyimbo, sitikuzenga mlandu wa malemu. AKondwani, funso lanu likhoza kufunsidwa popanda kunyoza munthu. Tipitirize bwino.

Kondwani: Pepani aYamikani, sindimafuna kunyoza. Koma nyimbo zotere zilipo, amayi pano angavomereze.

NaBanda (Kamwendo): Zilipo, sindikana. Panali nyimbo zimene mkazi ankaimbira chibwenzi chamseri, ndipo ife atsikana tinkazizindikira n'kumatsinana. Koma iyi siili m'gulu limenelo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Mkazi amene ali ndi wina sanena kuti phazi sindiliona, ndipo satuma uthenga woitana mwamuna wake. Iye amafuna mwamunayo achedwe. Agogo awa akuitana.

Za nkhunizo zili chonchi. Nkhuni za tsiku ndi tsiku zophikira amatola ndi akazi. Koma chikuni chachikulu chogonera, chimene chimasunga moto usiku wonse m'nyengo yozizira ya June ndi July, kwathu kuno ankadula ndi kusenza ndi mwamuna wa panyumbapo. Chimodzimodzi kufolera denga, kumanga nkhokwe, kugwetsa mitengo pamunda watsopano. Mwamuna akachoka, ntchito zonsezo zinkagwera alongo ake a mkazi. Pa chikamwini mkazi ali pamudzi pawo, mwinimbumba ali pompo, sangamusiye mlongo wake agone ndi chisanu. Koma mlongoyo alinso ndi banja lake kumudzi kwa mkazi wake, kumene akumudikira kuti akagwire ntchito zomwezo. Tsono "eni" ndi akazi a alongo ake aja, amene ayamba kung'ung'udza kuti mwamuna wathu akutha mphamvu pakhomo pa mlongo wake. Mzere umenewo ndi wamanyazi. Ukunena kuti ndine wokwatiwa, koma ndikuotha moto wopemphetsa.

aPhiri aphunzitsi (Mtunthama): Amayi NaBanda afotokoza za m'nyumba, ine ndiwonjezere za kunja, chifukwa achinyamata ambiri sadziwa kukula kwa nkhaniyi. Chimene chinkatulutsa amuna m'midzi poyamba chinali msonkho wa atsamunda, umene unkafuna ndalama pamene kumudzi ndalama kunalibe. Njira zinali zingapo. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ku Joni. Ena ankapita ndi Mthandizi ku mafamu a ku Southern Rhodesia. Ena ankangonyamuka okha, amene ankatchedwa a selufu. Kwa anzathu a ku Mchinji, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning, njira yapafupi inali yodzera ku Fort Jameson, Chipata ya lero, ena mpaka ku migodi ya kopa ku Kitwe ndi Luanshya.

Kusiyana kwa njirazi n'kofunika pa nyimbo yathuyi. Wa Wenela ankapita pa kontirakiti yosapitirira zaka ziwiri, ndipo gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandire atafika kuno. Mkazi ankadziwa kuti pali tsiku lobwerera. Wa selufu analibe tsiku. Ambiri mwa amene timawatcha matchona anachokera m'gulu limeneli. Tsono ulendo wachiwiri wa agogo a Yamikani ndi umene unabala nyimboyi, osati woyamba uja.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa akubwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu pomwepo. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, dzina latsopano la Wenela, imene makolo athu ankaiti Theba, mpaka zinatha mu 1988. Ndipo tisaiwale kuti Kamuzu yemweyo anachoka kuno ku Kasungu wapansi ali mnyamata, anagwira ntchito ku Hartley ku Rhodesia, kenako ku Joni ndi maiko ena, n'kudzabwera pa 6 July 1958 patapita zaka zoposa 40. Boma lathu lino la Kasungu kutchona limakudziwa bwino.

Mavuto wa gitala: Aphunzitsi, zonsezo ndamva ndipo ndaphunzirapo. Koma inu ndi amayi mukuichotsa chikondi nyimboyi, mukuisandutsa dandaulo la kwa ankhoswe. Ine ndimaimba, ndimadziwa mmene mawu amakhalira akachokera mumtima. Bwanji sanayambe ndi nkhunizo ngati nkhani inali nkhuni? Anayamba ndi mphasa. Chimene chinkawapweteka koposa n'chakuti usiku mbali ina ya mphasa inali yozizira.

NaBanda (Kamwendo): Mwanangu Mavuto, palibe amene wachotsa chikondi. Mwanena zoona kuti anayamba ndi mphasa, ndipo pamenepo ndagwirizana nanu. Chimene ndikukana ine n'choti chikondi cha m'nyimboyi ndi cha mtundu umene mumaimba pa ukwati. Amayi athu sankati "ndimakukonda" pagulu. Ngakhale dzina la mwamuna sankalitchula, ankati "bambo a uje" kapena "iwo". Onani m'nyimbomu, akuti "ukawauze", mwaulemu, ngakhale ali ndi mkwiyo. Mkazi amene mtima wachoka sakanavutika kupeka nyimbo. Akanapita kwa ankhoswe kuti amusudzule, ndipo pa chikamwini zimenezo zinkatheka mwamuna akasowa zaka zambiri popanda kalata kapena kandalama. Ambiri anatero, anakwatiwanso, ndipo palibe anawaweruza. Agogo a Yamikani anasankha kudandaula m'malo mochoka. Chikondi chawo chili m'dandaulo momwemo.

Mwale (Nkhamenya): Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Kwathu kuno kumpoto kwa Kasungu, kufupi ndi Mzimba, mzere wa nkhuniwo ungamveke mosiyana. Kuno ambiri timalowola, mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna. Mwamuna akatchona, mkazi amatsala pakati pa apongozi ndi alamu ake, kwawo kuli kutali. Munda ndi wa eni, nkhokwe ndi ya eni, ngakhale ana amawerengedwa a eni. Mkazi wotero akaimba kuti nkhuni n'za eni, akunena kuti pamudzi pano ndine mlendo, amene anandibweretsa kulibe. Amayi anga aakulu ankaimba zofanana ndi zimenezi m'Chitumbuka. Tsono Yamikani, agogo ako anali pa chikamwini kapena anatengedwa?

Yamikani (Santhe): Anali pamudzi pawo, agogo aamuna ndi amene anali mkamwini. Chitengwa chinachitika atabwerako ku Halale.

Mwale (Nkhamenya): Ndiye kumasulira kwa amayi NaBanda n'kumene kukugwira. Koma nyimbo yomweyo itayenda n'kufika kuno, kapena kwa Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ku Mchinji, akazi akanailandira ndi tanthauzo lathuli popanda kusintha liwu ngakhale limodzi.

Madalitso (Johannesburg): Ine ndakhala chete chifukwa nkhaniyi ikundilasa. Ndili kuno ku Joni, mkazi ndi ana ali ku Waliranji. Ndalama ndimatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi, sindinaphonyepo dala. Timalankhulana pa WhatsApp pafupifupi tsiku lililonse. Ndinkadziona ngati ndine wosiyana ndi matchona akale. Koma mwana atadwala usiku chaka chatha, amene anamunyamula pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala ndi mlamu wanga. Mphepo itasasula denga, anakwera pamwamba ndi mlamu wanga yemweyo. Ine ndinatumiza ya malata ndi misomali basi. Nditawerenga mzere wa nkhuniwo ndinaika foni pansi kaye.

NaMwale (Chinkhoma): Achimwene Madalitso, zikomo ponena zimenezo, chifukwa amuna ambiri sazivomera. Bambo a kunyumba kwanga ali ku Cape Town. Ine ndilibe mtondo woimbirapo, chimanga timapita nacho kuchigayo, ndipo pa foni sungadandaule kwambiri chifukwa umaopa kuti munthu ali kutali, akakhumudwa angosiya kuyankha. Ndiye umangoti "tili bwino". Inu amene mukukangana kuti ndi yachikondi kapena yodandaula, ine ndikukuuzani ngati munthu amene ndili m'katimo: sizisiyana. Tsiku limene ndamusowa kwambiri ndi tsiku lomwelo limene ndamukwiyira kwambiri. Agogowo anali ndi mwayi umodzi umene ine ndilibe, woti ankaimba mudzi wonse n'kumva, ndipo mnzawo wa pamtondo ankawayankha. Ine ndikalemba pa status, anthu amati ndikuulula za m'banja.

Make Tadala (Chamama): Achemwali, limbani mtima. Mwanena zimene ambiri timangozisunga.

NaBanda (Kamwendo): NaMwale mwanangu, mwatchula chinthu chimene ndinachisiya: woyankha. Nyimbo ya pamtondo siimbidwa ndi munthu mmodzi. Mumasinja awiri kapena atatu mtondo umodzi, musi wina ukukwera wina ukutsika, wina akutsogolera wina akuvomera. Amene akuvomerayo ndi mboni. Akavomera mzere wako, ndiye kuti wanena pamaso pa mudzi kuti zimene ukunenazi n'zoona. Mawu amene Yamikani walemba ndi a wotsogolera okha. Payenera kuti panali mawu ovomera, ndipo nthawi zambiri mnzakoyo ndi amene ankanena zolimba zimene mwini nyimbo sakanatha kuzitchula. Yamikani, kawafunseni azakhali kuti ovomera ankati chiyani.

Kondwani: Nanga chimanga chacha? Palibe amene wachikhudza. Ine ndimaona ngati akungonena nyengo, kuti chaka china chathanso.

aPhiri aphunzitsi (Mtunthama): Zikhoza kutero. Anthu ankawerenga zaka ndi zokolola, ndipo amuna ambiri ankalonjeza kuti ndidzabwera pokolola. Kunena kuti chimanga chacha n'kumukumbutsa lonjezo lake.

NaBanda (Kamwendo): Aphunzitsi, pamenepo ine ndili ndi maganizo ena, koma si ine woyenera kuwanena. Yamikani, azakhali anuwo ndi oyamba kubadwa?

Yamikani (Santhe): Eya, ndi achisamba. Bambo anga ndi omaliza.

NaBanda (Kamwendo): Aimbireni foni. Musawafunse kuti bwanji mukukana. Afunseni kuti chimanga chija chinali chiyani.

Yamikani (Santhe): Ndabwerako abale. Ndalankhula nawo nthawi yaitali ndithu. Poyamba anakhala chete, kenako anati chimangacho ndi iwowo. Mzere umenewo agogo anauwonjezera chaka chimene azakhali anatha msinkhu. Bambo awo anawasiya ali kamtsikana, ndipo zonse za chinamwali, nsalu yatsopano, nkhuku, chothokozera anamkungwi, anachita ndi amalume awo. Ngakhale pamene anabwera munthu kudzafunsira mbeta, bambo awo kunalibe. Akuti akamva nyimbo imeneyi amakumbukira mmene ankapetera mphale pambali, amayi awo akuimba za iwo, iwo osatha kunena kanthu.

Za mawu ovomera akuti ankayankha ndi mng'ono wawo wa agogo, ndipo ankati "abwere, abwere, asadzapeze chiputu". Azakhali akuti mawu amenewo ankawaopsa ali mwana, chifukwa ankamva ngati akunena kuti bambo awo adzapeza onse atamwalira.

Ndinawauzanso za nkhuni mmene amayi NaBanda anafotokozera. Anangoti "amalume ako aakulu anavutika nafe", osawonjezera.

Mavuto wa gitala: Asadzapeze chiputu. Mawu amenewo ndi olemera kuposa ena onse aja. Ine ndikumva ngati ndi chenjezo, kuti akachedwa adzapeza ena atakolola, ukwati utatha.

Make Tadala (Chamama): Ndi mmene ndamvera inenso. Mng'ono wawo ndi amene ankaopseza m'malo mwa mkulu wake, kuti ankhoswe a kuchimuna amve alembe kalata msanga.

Mwale (Nkhamenya): Kapena azakhali ali mwana anamva bwino. Ambiri anabweradi n'kupeza manda. Ine sindingasankhe pamenepa.

Yamikani (Santhe): Pachinkhoswe sitiimba, ndamvetsa. Sindingawaimiritse azakhali pamaso pa anthu kuti aimbe zimenezi. Koma sindikufuna kuti itayike. Amene akuidziwa yonse ndi iwo okha, ndipo akukalamba.

aPhiri aphunzitsi (Mtunthama): Maganizo abwino. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mawu, ndipo anajambula nyimbo zambiri za m'midzi, za bangwe, za kalimba, ndi za pamtondo zomwe. Zimasungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda umene kale unkatchedwa Grahamstown. Zimene iye sanazipeze, ndi zimene zinapekedwa iye atadutsa kale monga ya agogo akoyi, zambiri zili m'mitu ya amayi okalamba basi. Lero foni iliyonse ikhoza kujambula. Chimene ndikupempha n'choti pojambula mulembenso dzina la mudzi, amene anaipeka, nthawi yake ndi chimene chinachitika, chifukwa taona tokha lero kuti mawu okha anatisocheretsa.

Mavuto wa gitala: Ine ndikhoza kupita ndi maikolofoni yabwino. Za gitala ndazisiya kaye, pokhapokha azakhali atalola okha.

NaBanda (Kamwendo): Mukapita musakafike ndi makina m'manja. Yamikani atsogole, mukapereke moni, mutengeko shuga ndi kansalu, mukacheze kaye. Akakana musakakamize. Akalola, musakawakhazike pampando kuti aimbe ngati kwaya. Nyimbo imeneyi mpweya wake umatsatira musi, mawu amaduka pamene musi ukutsika. Pakafunika mtondo, chimanga chokonola, ndi mayi wina wachikulire wodziwa kuvomera. Ndipo mukawafunse ngati akulola kuti anthu ena aimve kapena ikhale ya pabanja pokha.

NaMwale (Chinkhoma): Akalola kuti ituluke, ine ndikufuna ndiimve ndi mawu awo. Nanga pachinkhoswepo muimba chiyani tsopano?

Make Tadala (Chamama): Zimenezo asiyireni amayi a chimtali a kumudzi kwa mkazi, nyimbo zolangiza ndi zosangalatsa ali nazo zambiri. Mwamuna sasankha nyimbo za pachinkhoswe chake.

Yamikani (Santhe): Ndamva amayi. Vuto ndi mtondo. Wa agogo unang'ambika kalekale, ndipo umene uli pakhomo pa azakhali ndi waung'ono wosinjira nsinjiro. Alipo pagulu pano wa kufupi ndi Santhe amene ali ndi mtondo waukulu ndi misi iwiri yoti tingabwereke Loweruka likubwerali?

Kondwani: Kwa apongozi anga ulipo, amakonolerabe. Ndiwafunsa madzulo ano, koma mudzabwere ndi ngolo kapena njinga yolimba chifukwa ndi wolemera.